Simenti ya M'chiuno mwa Amayi

Atate anga anali munthu wa simenti. Ndisanabadwe n'komwe anali atayamba kale kuumba mabuloko m'mphepete mwa msewu ku Kalingalinga, pakati pa owotcherera mageti ndi opala matabwa, ndipo zikhatho zawo zinali zotuwa ndi zong'aluka ngakhale Lamlungu atasamba. Thumba la simenti lokhalitsa m'sitolo ankalizindikira pongolifinya ndi zala. Buloko ankaigogoda ndi msana wa chala, n'kutchera khutu, n'kukuuzani ngati woumbayo anaba simenti n'kuchulutsa mchenga. Pa nkhani zina anali munthu wofatsa, womva za anzake. Koma pa simenti, ayi ndithu, anali nkhutukumve. Ngakhale abusa akanabwera ndi Baibulo m'manja sakanawatembenuza.

Amayi anali munthu wa miyendo. Ankachapa ndi kusita kunyumba ina ya anthu olemera ku Kabulonga, ndipo ankapita wapansi m'mawa uliwonse, kubweranso wapansi. Loweruka ankayenda mpaka kumsika wa ku Mtendere chifukwa choti tomato wa kumeneko ankati ndiye wakupsa bwino. Mng'ono wawo ankakhala ku komboni ya Ng'ombe, ndipo kumenekonso minibasi sankaifuna. Ndili mwana ndinkadana nawo maulendo amenewa, chifukwa ine ndinkathamanga pambuyo, iwo akungoponya miyendo, chitenje chili phephephe. Ndikadandaula ankati, “Kwathu ku Katete tinkapita kuchigayo dzuwa lisanatuluke, thumba lili pamutu. Iwe wa m'tauni ukulira chiyani?”

Ndiye mvula ina ya mu Januwale, amayi akuchokera kuntchito, anaponda thabwa lowolokera pa ngalande pafupi ndi kwathu. Thabwalo linali loterera. Anagwera m'mbali pa miyala, ndipo fupa linathyoka pamwamba penipeni pa ntchafu, pamene mwendo umalowa m'chiuno. Ine nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa, ndikukhala ku Kaunda Square ndi kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika. Ndinawapeza ali kale kuchipatala, mwendo umodzi utafupika, phazi litagonera kunja.

Anawachita opaleshoni. Za opaleshoniyo sindidziwa zambiri, koma chimene sindidzaiwala ndi mmene anachedwera kudzuka. Ena amene analowa pambuyo pawo anali atayamba kubuula ndi kupempha madzi, amayi ali zii, milomo ili mbuu. Atate anakhala pansi pa simenti ya m'khonde, chipewa chili m'manja, akungochipinda ndi kuchiwongola. Amayi atatsegula maso, atate anatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa maluwa.

M'mawa mwake dokotala anatiitana kuti atifotokozere. Anali mnyamata wa mtima wabwino, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anati mutu wa fupa lothyokalo anauchotsa, n'kuikapo wachitsulo wokhala ndi mchira wolowa m'kati mwa fupa la ntchafu. Kenako ananena mawu amene anatisokonezera banja.

“Chitsulo chija tachigwilitsa na simenti, ba tate. Chagwila bwino maningi.”

Ndinaona nkhope ya atate ikusintha.

“Mwati simenti, adokotala?”

“Ee, koma ni simenti ya mafupa, si ija yomangila nyumba. Iuma pamene apo, tisanatseke na chilonda. Mailo ba mai bazayamba kuimilila.”

“Nanga imakhala zaka zingati?”

Dokotalayo sananame. Anati imakhala zaka zambiri, kupitirira khumi, ndipo ambiri amapita nayo kumanda ikadali yolimba. Koma anawonjezera kuti chinthu chogwira ntchito chimatha, ndipo mwa anthu ena simenti imadzayamba kulekana ndi fupa, chitsulo n'kumagwedera. Zikatero amatsegulanso n'kuika china. Pa zonse zimene ananena, atate anatola ziwiri zokha: kuti chimatha chikamagwira ntchito, ndi kuti akhoza kudzatsegulanso.

Titatuluka anandikokera pambali. “Wamva? Ati imauma pomwepo. Simenti youma pomwepo ndi simenti yanji? Ine ndakalambira pa simenti, mwanawe. Yotero imaoneka yolimba kunja, m'kati muli ufa.”

“Batate, banakamba kuti ni ina,” ndinatero.

“Simenti ndi simenti. Akanakhala kuti ndi ina akanaipatsa dzina lina.”

Ndinaseka. Kalanga ine, ndinaseka, poganiza kuti ndi nkhani za tsiku limodzi.

Tsiku lotsatira, monga ananenera dokotala, amayi anaimiriradi kuchipatala. A mafizo, aja ophunzitsa odwala kuyendanso, anawagwira uku ndi uku, ndipo amayi anayenda ndi ndodo ziwiri mpaka pakhomo la chipinda, akutukwana pang'onopang'ono m'Chichewa cha kumudzi. Atate anaima poteropo manja ali kumutu. Kuchipatala sakanatha kuletsa. Koma titangofika kunyumba, ufumu unabwerera kwa eni ake.

Lamulo loyamba linali lakuti amayi asaponde pansi. Pansi pa nyumba pakangothiridwa simenti yatsopano, munthu sapondapo, ngakhale nkhuku amaiingitsa. Lachiwiri linali la madzi. Buloko yatsopano amaithirira m'mawa ndi madzulo kuti ikhwime, ndiye atate ankabwera ndi kapu yaikulu ya pulasitiki ija, n'kuimirira pamaso pa amayi mpaka amalize. Akamaliza, ina. Amayi ankaseka mpaka misozi.

“Abambo, mundiphulitsa chikhodzodzo. Ndine dimba kodi?”

“Imwani, amake ana. Ikhwime.”

Tsiku lobwerera kwa a mafizo litafika, atate anakana. Anati misewu ya mu komboni ndi maenje okhaokha, minibasi ikadumpha kamodzi kokha simenti isweka. Ndodo zija anaziika pamwamba pa kabati. Anapita kwa mnzawo wopala matabwa n'kukhomeretsa mpando wautali, wa zogwirira m'mbali, n'kuuika pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu. Mpandowo unali wokongola, sindingakane.

Ine ndine wa pakamwa, ndinatengera amayi. Lamlungu lililonse ndikabwera tinkakangana ndi atate mpaka anansi kusuzumira. Ndinkati tiyeni tibwerere kwa dokotala mukafunse bwino, safunsa anadya phula. Iwo ankati dokotala ndi mwana wa dzulo, sanagwirepo fosholo. Ndinkayang'ana kwa amayi kuti andithandize, koma amayi, mayi wanga wochenjera uja, ankangomwetulira. Tsiku lina atate atatuluka anandinong'oneza.

“Iwe, usiye phokoso. Kuyambira tsiku limene ndinalowa m'nyumba ino ndakhala ndikuwatungira madzi osamba munthu ameneyu. Lero akundiphikira phala, akundichapira zitenje. Ndisiye ndilaweko. Ndikatopa ndidzuka.”

Miyezi itapita anatopadi. Ndinayamba kubwera pakati pa mlungu, atate ali kumabuloko. Ndinkatsitsa ndodo pa kabati, amayi n'kuimirira. Tsiku loyamba miyendo inkanjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndipo ine ndinkangoyembekeza kumva chinachake chikusweka. Palibe chinasweka. Tinafika pakhomo. Mlungu wina tinafika pa mpopi wa panja. Mlungu winanso amayi anasiya ndodo imodzi n'kukathyola masamba a chibwabwa kuseri kwa nyumba, ndipo anabwera nawo akuimba. Tisanamve wilibala ya atate ikulira pa msewu, ndodo zinali zitabwerera pa kabati, amayi ali pa mpando ngati mwana wabwino.

Koma mu komboni mulibe chinsinsi. Mvula yotsatira itayamba, mpanda wa mabuloko wa anansi athu unagwa m'mamawa, n'kuphwanya khola la nkhuku. Unali usanathe ngakhale zaka ziwiri. Atate anapita kukaona, ndipo kumeneko mayi wa panyumbapo, pofuna kuwasangalatsa, anati, “Koma ba mai bayenda bwino manje, tibaona pa pompi.”

Ine ndinali m'nyumba ndi amayi, ndodo zili poyera, pamene atate analowa. M'manja anali ndi chibenthu cha buloko ya mpanda uja. Sanakalipe poyamba. Anagwada patsogolo pa amayi, n'kufinya chibenthucho ndi dzanja limodzi. Chinangoti nyenyenye, mchenga n'kuthira pa chitenje cha amayi.

“Iyinso ankati ndi simenti,” anatero. “Iyinso woumba ankati yagwira bwino.”

Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo sindinawaonepo atakwiya chotero.

“Iwe ukufuna kupha amako? Uli ndi nyumba yako, uli ndi mwamuna wako, ukapita ukagona tulo. Chikasweka chinthuchi adzawagoneka pa tebulo paja kachiwiri. Unawaona milomo tsiku lija? Unawaona? Ulendo uja anabwerako mwa chisomo. Wachiwiri sabwerako. Ine sindilola, ndalumbira, sindilola kuti awadulenso.”

Mawu anawathera, n'kuyamba kulira. Bambo wamkulu, wa imvi, kulira ngati pa maliro, mchenga uli m'manja. Munthu wokwiya ukhoza kulimbana naye, koma munthu wamantha umuyamba pati?

Choipa kwambiri n'chakuti mantha aja anawalowa amayi. Lachitatu lotsatira ndinabwera monga mwa masiku onse, iwo n'kupukusa mutu. Anati usiku potembenuka anamva kanthu kakuti kha m'chiuno. Ndinati mafupa a munthu aliyense amalira, anga omwe amalira. Anati ayi, aka kanali kena. Anayang'ana pa chitenje pamene panagwera mchenga paja, ngakhale chinali chitachapidwa. “Tidikire mvula ithe,” anatero. Kunena zoona, nanenso kha ameneyo anandilowa m'mutu. Ndikakhala pamsika, wogula akusankha malaya, ndinkangoganiza za ufa uli m'kati mwa fupa la amayi.

Mvula inatha, koma amayi sanadzuke. Atate anasamutsa zikombole zawo zoumbira mabuloko kuchoka kumsewu n'kuyamba kuumbira pabwalo la panyumba, kuti aziwaona pa zenera. Tsopano nkhani sinalinso yoti simenti ikhwime. Inali yoisunga. Ankati dokotala yekha ananena kuti chinthu chogwira ntchito chimatha, ndiye chikapanda kugwira ntchito chitha bwanji? Nsapato ya Lamlungu imakhala zaka, ya tsiku ndi tsiku imatha chidendene. Popita kuchimbudzi ankawanyamula. Kenako msana wa atate utayamba kuvuta, anabweretsa chidebe m'chipinda.

M'mawa uliwonse anali ndi mwambo wawo. Ankagwada pambali pa mpando, n'kugogoda chiuno cha amayi ndi msana wa chala, khutu lili pafupi, monga ankachitira ndi buloko. Amayi ankayang'ana kudenga. Atate akamva chimene ankafuna kumva, ankadzuka n'kunena kuti, “Ikadali yolimba.” Tsiku lina akachedwa kudzuka, akagogoda kachiwiri, ine ndinkasiya zonse zimene ndinkachita. Ndinkadziwa kuti ndi zopanda nzeru, kuti chala sichingamve za m'kati mwa fupa kudutsa mnofu. Komabe ndinkadikira yankho lawo ndisanapume.

Zaka zinayamba kudutsa. Ntchito ya ku Kabulonga anapatsa wina. Kutchalitchi amayi anasiya, amayi anzawo a kumpingo ndiwo ankabwera Lachinayi kudzaimba nawo, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kubwera mwa apo ndi apo. Mng'ono wawo uja wa ku Ng'ombe atamwalira, amayi anapempha kuti awanyamule akalire m'bale wawo. Atate anati pa maliro akazi amakhala pansi, ndipo pali kukankhana, wina akhoza kuwagwera. Anapita okha atate. Amayi analira maliro a mng'ono wawo pa mpando, pa zenera, ine nditawagwira dzanja. Ndinawakwiyira atate mwezi wathunthu osawapatsa moni, ndipo iwo sanandifunse chifukwa.

Msewu wa kutsogolo kwathu anauthira phula, ngalande ija anaimanga bwino n'kuikapo kamlatho. Amayi ankaona zonsezi pa zenera. Ndikabwera ankandifunsa za njira, osati za anthu. Kodi mtengo wa mango uja wa pokhotera ukadalipo? Kodi njira yachidule ya kuseri kwa sukulu anaitseka? Ndinkayankha, iwo n'kumagwedeza mutu, maso ali kutali, milomo ikuyenda ngati akuwerenga makhonde amene ankadutsa. Powasambitsa ndinkaona ntchafu zija, zimene zinkandisiya m'mbuyo pa msewu wa ku Mtendere, zikuphwa chaka ndi chaka. Khungu linkangolendewera. Mawondo anazolowera kupindika, ndipo pogona sankawongokanso bwinobwino. Ndikawauza atate, ankati ndi ukalamba, ukalamba sulephera.

Ndinayesa njira zonse. Ndinatuma amuna anga, anabwerako atagonja. Ndinatuma abusa, atate anawapatsa tiyi n'kuwaonetsa buloko yabwino ndi yoipa. Ndinabweretsa namwino wina wa kumpingo kwathu, amene anawauza mosapsatira kuti munthu wosayenda amafa miyendo. Atate anamuthokoza mwaulemu, n'kumuperekeza mpaka pa geti, pobwera n'kunena kuti, “Miyendo ikafooka idzalimbanso ndi chakudya. Simenti ikasweka siibwerera.”

M'chaka chachisanu ndi chimodzi, nthawi yozizira, ululu unayamba. Unkagwira m'chiuno momwe muja, n'kutsikira ku bondo. Amayi, munthu wosadandaula, anayamba kubuula powatembenuza. Atate anagogoda, anagogodanso, koma mawu aja akuti ikadali yolimba sanatuluke. Anasiya kudya. Ndinawapeza atakhala pa mulu wa mchenga, fosholo ili pansi.

“Yasweka,” anatero osandiyang'ana. “Ndaisunga chonsechi, yasweka ndithu.”

Ulendo uno ndiwo anapempha kuti tipite kuchipatala. Tinapeza galimoto ya mnansi, tinayala matiresi kumbuyo, ndipo njira yonse atate ankamuuza woyendetsa kuti pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, ngakhale msewu unali wa phula. Ndinkaganiza za tebulo lija, za milomo ija, ndi kuti amayi tsopano ndi ofooka kuposa kale. Ndinkaganizanso za masiku a ndodo aja, ndi kha uja, ndipo ndinkapempha Mulungu kuti chisakhale chimenecho.

Anawajambula mafupa. Tinadikira pa benchi, amayi ali pa chikuku cha odwala, atate akupinda chipewa. Dokotala amene anatiitana sanali uja wakale. Anali mayi wachikulire, wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Anaika chithunzi pa galasi lowala, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinachiona chinthu chimene chinatilamulira zaka zonsezi. Chinali choyera mbee, mutu wobulungira, mchira wolowa m'fupa, ndipo m'mbali mwake munali kamzere kotuwa. Atate anaimirira n'kuyandikira.

“Simenti ndi iti pamenepa, adokotala?”

Anawalozera kamzere kaja.

“Yang'aluka pati?”

“Siinang'aluke, bambo. Onani, yagwirana ndi fupa kuyambira pamwamba mpaka pansi, palibe mpata. Chitsulonso sichinasunthe. Amene anaika anaika bwino. Ikhoza kuwatumikira zaka zina zambiri.”

Atate anaomba m'manja. Anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve kuyambira tsiku la ngalande. Anatembenukira kwa ine, maso ali ndi misozi. “Wamva, iwe wa makani? Wamva? Ili ngati yatsopano!” Nanenso ndinathokoza Mulungu chamumtima.

Dokotala sanaseke. Anali akuyang'ana miyendo ya amayi. Anagwada, n'kukweza chitenje pang'ono, n'kugwira ntchafu, n'kuyesa kuwongola bondo. Bondo linakana, amayi n'kukuwa.

“Ululu ukuchokera apa,” anatero. “Minofu yafota, mitsempha yakungika. Mayi, munayenda liti komaliza?”

Dokotala anafunsanso.

“Mwezi watha? Chaka chatha?”

“Chiyambire mvula ija mpanda unagwa,” anatero amayi, ngati kuti dokotala akuudziwa mpandawo.

Ndinafotokoza ndine, mwachidule, maso ali pansi. Dokotala anavula magalasi n'kupukuta nthawi yaitali. Sanakalipe. Anati chitsulocho anachiika kuti amayi aziyenda, ndipo simentiyo inali yokonzeka kunyamula thupi lawo kuyambira tsiku loyamba. Anati atilembera kwa a mafizo, ululu ukhoza kuchepa, mwina adzatha kudzisuntha kuchoka pa bedi kupita pa mpando. Ndinafunsa za kuyenda. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amayi, n'kunena kuti sakufuna kutilonjeza chimene sakuchiona.

Atate anali chiimire pa galasi paja. Kumwetulira kunali kusanachoke bwino pankhope, kunangouma pomwepo. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana amayi, anayang'ananso chithunzi. Kenako anaponya chipewa pansi, n'kupita pa chikuku, n'kulowetsa manja m'khwapa mwa amayi.

“Imani, amake ana. Mwamva adokotala, ndi yolimba. Pondani, musaope, siisweka. Imani.”

Anawakweza. Mapazi a amayi anakhudza pansi, mawondo ali chipindikire, zala zikukwekwereza pa simenti. Thupi lonse linalendewera pa mikono ya atate. Dokotala anati bambo, basi, muwapweteka, koma atate sanamve.

“Pondani, ndakupemphani. Kamodzi kokha. Imani, mayi.”

Amayi anawalola kuti ayese mpaka mphamvu zinawathera. Atawabwezera pa chikuku, anakonza chitenje chawo bwinobwino, n'kuwayang'ana atate m'maso. Sanalankhule mokwiya, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakwiya.

“Ndiime ndi miyendo iti, abambo?”